Ulendo wopanda denga: zimene dzuwa, mphepo ndi phokoso zimachita m'thupi la wokwera

Kwa alimi ndi amalonda ambiri a ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, ulendo wokagulitsa mbatatesi, kabichi kapena nyemba umayamba kusanache, kumbuyo kwa pikapu kapena lole. Amayamba kukweza matumba, kenako anthu n'kukhala pamwamba pake. Ena amalunjika ku Ulongwe, ena kumisika ya m'malire monga Lizulu, ena amatsetsereka mpaka mumzinda wa Tete. Ku Macanga nakonso, alimi a fodya amadalira malole ndi njinga zamoto kuti akafike ku Furancungo. Njira yonseyo, dzuwa, mphepo, fumbi ndi mvula zimafikira munthu popanda chotchinga.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatulutsa ndalama zambiri kuti nawonso aziyenda pamtetete chonchi. Amagula magalimoto amene denga lake limapindika n'kulowa kumbuyo, monga Mazda MX-5, imene inatuluka mu 1989, ndipo pofika mu 2016 anali atapanga zokwana 1 miliyoni. Madokotala ndi mainjiniya akumeneko akhala akufufuza zimene ulendo wotere umachita m'makutu, pakhungu ndi m'thupi lonse. Zimene apezazo zili ndi ntchito yaikulu kuno kwathu, kumene anthu amayenda popanda denga chifukwa chosowa pogwira.

Zizolowezi za eni magalimotowa

Mwini galimoto yotere satsegula denga mwachisawawa. Ambiri amakonda kutero m'mawa, madzulo, kapena tsiku lozizirirako, ndipo dzuwa likafika paliwombo amalitseka. Ena amatsitsa denga koma magalasi a m'mbali n'kuwasiya okweza kuti mphepo isawawombe kwambiri. Amavala chipewa ndi magalasi akuda, n'kudzola mafuta oteteza khungu. Akalowa mumsewu waukulu momwe magalimoto amathamanga, ambiri amabwezeretsa denga. Kukazizira amayatsa chotenthetsera, moti mu 2004 kampani ya Mercedes-Benz inaika m'galimoto yake ya SLK kachipangizo kouzira mpweya wofunda pakhosi pa woyendetsa.

Chizolowezi chilichonse pamenepa chikuyankha vuto lenileni la thupi. Mavuto omwewo amamupeza mayi amene wakhala pathumba la mbatatesi, kungoti iye alibe batani loti adine.

Dzuwa la kumapiri limapsereza mwakachetechete

Dera la Tsangano ndi Angónia lili pamalo okwera, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, ndipo phiri la Domue limapitirira mamita 2,000. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamtunda wosafika n'komwe mamita 200. N'chifukwa chake anthu amati ku Tete ndiye kuli dzuwa, kumtunda kuno kuli mphepo yabwino. Pa nkhani ya kutentha akunena zoona, koma khungu silipsa ndi kutentha. Limapsa ndi cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mphamvu ya chezachi imakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, chifukwa mpweya wochisefa umakhala utachepa. Mitambo yopyapyala sichitchinga kwenikweni. Chimakula mphamvu kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, makamaka kuyambira mu Okutobala mpaka mu Febuluwale, pamene dzuwa limadutsa pamutu penipeni m'chigawo chino. Pagalimoto yoyenda, mphepo imaziziritsa khungu, choncho munthu samva kuti akupsa ndipo saona chifukwa chodzifunditsira.

Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa, koma maso alibe mwayi umenewo. Cheza cha UV ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayambitsa ng'ala. Dzuwa likaphatikizana ndi mphepo ndi fumbi kwa zaka zambiri, limayambitsanso kamnofu kamene kamamera pambali pa diso, chakumphuno, n'kumayandikira pakati. Kamnofuka kakakula kamatchinga kuona ndipo kamafunika opaleshoni. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi anyamata a kabaza ndi makondakitala, amene amakhala pamsewu tsiku lonse.

Kwa abale athu achialubino, nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Khungu lawo lilibe chitetezo chokwanira, ndipo ulendo umodzi wa masana kumbuyo kwa lole ukhoza kuwasiyira zilonda pakhosi, m'makutu ndi pamilomo. Kupsa kobwerezabwereza kotereku n'kumene kumabala khansa ya pakhungu, imene ikutenga miyoyo ya achialubino ambiri mu Africa akadali achinyamata. Chilonda chimene sichikupola pakatha milungu ingapo chiyenera kukaonetsedwa kuchipatala.

Phokoso la mphepo limadya makutu

Anthu ambiri akamva za phokoso amaganiza za injini kapena chigayo. Pagalimoto yopanda denga, phokoso lalikulu limachokera ku mphepo imene ikuwomba makutu. Madokotala a makutu a ku Saint Louis University ku America anayeza magalimoto asanu otsegula denga, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2011. Anapeza kuti liwiro likafika makilomita pafupifupi 90 pa ola, phokoso m'magalimoto ambiri linkapitirira madesibeli 85, mulingo umene akatswiri amati ukhoza kuwononga makutu munthu akakhalitsa nawo. Anawalangiza eni magalimotowo kuti azitseka denga akamathamanga chonchi.

Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lamphamvu limatopetsa timaseloti, ndipo likamabwerezabwereza timafa. Tikafa sitimeranso. WHO imati munthu wamkulu akhoza kumva phokoso la madesibeli 80 kwa maola 40 pamlungu popanda vuto, koma likafika 90, maola abwino amatsala 4 okha pamlungu wonse.

Amene wakhala kumbuyo kwa pikapu alibe ngakhale galasi lakutsogolo lomutchingira, makamaka akaimirira kapena akakhala pamwamba pa katundu. Chizindikiro choyamba ndi kulira kwa m'makutu mutatsika, kapena kumva mawu a anzanu ngati akuchokera kutali. Njira yosavuta yodziwira kuti phokoso lafika poipa ndi iyi: ngati mukuchita kufuula kuti munthu amene mwayandikana naye akumveni, makutu anu akuvutika. Achinyamata ena amaika timahedifoni n'kukweza nyimbo kuti zipose mphepo, osadziwa kuti akuwonjezera vuto pa vuto linzake.

Chisanu cha m'bandakucha

Mu Juni ndi mu Julaye, kumtunda kuno kumazizira koopsa usiku ndi m'mawa, ndipo nthawi imeneyo ndi imene magalimoto a kumsika amanyamuka. Mphepo imachotsa kampweya kofunda kamene kamakuta khungu, choncho thupi limataya kutentha msanga. Malinga ndi mmene akatswiri a zanyengo amawerengera, kunja kukazizira madigiri 10 ndipo mphepo ikuwomba pa liwiro la makilomita 60 pa ola, thupi limamva ngati ndi madigiri 5. Kukazizira madigiri 5, limamva ngati kwatsika kupitirira pa 0. Zovala zikanyowa ndi mvula kapena nkhungu, zinthu zimaipiratu.

Munthu wamkulu amanjenjemera n'kupirira. Khanda silingathe. Thupi lake ndi laling'ono, mafuta ake ndi ochepa, ndipo limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu. Kutentha koyenera kwa khanda ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5, ndipo kukatsika, mwana amafooka, amasiya kuyamwa bwino, ndipo akhoza kudwala kwambiri. Mayi amene akuchokera kuchipatala ndi mwana wakhanda amufungatire pachifuwa, khungu ndi khungu, amuveke kachipewa, n'kufunda naye limodzi. Mwana akaberekedwa kumsana, mphepo imamufikira mayi wake asakudziwa.

Fumbi ndi utsi nazo zili ndi gawo lake. M'chilimwe misewu yadothi imafuka, ndipo kayendedwe ka mpweya kumbuyo kwa galimoto kamakokera fumbi ndi utsi kwa okwera. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo. Kwa odwala mphumu, ulendo umodzi wafumbi ndi wokwanira kuwabanikitsa.

Galimoto ikaima mwadzidzidzi

Vuto loposa onse ndi ngozi. Lipoti la WHO la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chikutsogola. Galimoto ikawomba chinthu kapena ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, thupi la wokwera limapitiriza ulendo pa liwiro lomwe lija mpaka litapeza choliimitsa. Kumenyetseka pa liwiro la makilomita 60 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 14.

Opanga magalimoto otsegula denga amadziwa zimenezi. Amalimbitsa zitsulo za galasi lakutsogolo, ndipo kuyambira mu 1989 Mercedes-Benz SL inakhala ndi chitsulo chimene chimadzuka chokha kumbuyo kwa mipando galimoto ikafuna kugubuduzika. Koposa zonse, wokwera aliyense ali ndi lamba, amene WHO imati amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka. Kumbuyo kwa pikapu kulibe mpando, lamba kapena chitsulo choteteza mutu. Komanso katundu ndi anthu zikaunjikana pamwamba, kulemera kwa galimoto kumakwera m'mwamba, ndipo siichedwa kugwa pokhota kapena pamtsetse. Munthu akavulala mutu kumudzi, ulendo wokafika kuchipatala chachikulu ku Ulongwe kapena ku Tete ndi wautali. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma.

Zimene tingachite lero

Kuuza mlimi wa ku Ntengo-Wambalame kuti asakwere pikapu n'kungotaya mawu, chifukwa mbatatesi zake ziyenera kufika kumsika. Koma pali zambiri zimene sizifuna ndalama zochuluka. Khalani pansi mkati mwa bodi, msana mutatsamira chakumutu kwa galimoto, kumene mphepo ndi phokoso zimachepa. Pewani kukhala m'mphepete kapena kulendewetsa miyendo kunja. Valani chipewa chachikulu chomangira pachibwano, malaya a manja aatali, ndipo mpango kapena chitenje chikute makutu, pakhosi ndi mphuno. Amene amayenda tsiku ndi tsiku afunefune magalasi olembedwa UV400 ndi timapulagi ta m'makutu. Wokwera njinga yamoto avale chisoti n'kuchimanga bwino, pakuti WHO imati chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti.

Madalaivala ndi eni magalimoto ali ndi mphamvu yaikulu kuposa wina aliyense pa nkhaniyi. Liwiro likatsika, phokoso limachepa, kuzizira kumachepa, ndipo ngozi ikachitika anthu ambiri amapulumuka. WHO imati liwiro likakwera ndi 1 peresenti yokha, chiopsezo cha ngozi yopha anthu chimakwera ndi 4 peresenti. Zitsulo zowotcherera bwino zokutidwa ndi tenti, pamodzi ndi mabenchi omangirira, zimateteza okwera ku dzuwa ndi mvula, ndipo amisiri a m'matauni mwathu momwemu akhoza kuzipanga. Akuluakulu a maboma a Tsangano ndi Macanga, apolisi apamsewu ndi mabungwe a oyendetsa magalimoto angachite bwino kukhala pansi n'kugwirizana kuti galimoto yonyamula anthu izikhala ndi zimenezi, ndipo katundu asamapitirire msinkhu wa bodi pamene pakwera anthu.

Pali chinanso chimene chingayambe mawa lomwe pasiteji iliyonse. Mpando wakutsogolo, umene uli ndi denga ndi lamba, uzipatsidwa kwa mayi wa khanda, mayi woyembekezera, munthu wachialubino, wodwala kapena agogo, ngakhale wina atafika msanga kapena atalonjeza kuwonjezera ndalama. Kondakitala ndi okwera akagwirizana chimodzi pa zimenezi, adzakhala atateteza amene thupi lawo silingapirire ulendo wa pamtetete.