Galimoto yaikulu si phindu: phunziro lochokera kwa eni ndege

Mpando wa m'ndege uli ngati tomato wakupsa. Ndege ikanyamuka mpandowo ulibe munthu, ndalama yake yapita basi, chifukwa ulendo wa lero sungagulitsidwe mawa. N'chifukwa chake eni ndege amawerengera mosamala kuti ndege iti iyende njira iti, ndipo masamu awowo angakuthandizeninso inu a geni.

Tiyambire kwathu konkuno. Kampani ya Malawi Airlines inayamba kuuluka mu 2014, Air Malawi itatsekedwa. Boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines ili ndi 49. Kampaniyi yakhala ikugwiritsa ntchito ndege za mitundu iwiri: Q400 ya mapulopela, yonyamula anthu pafupifupi 70, ndi Boeing 737 yonyamula anthu oposa 100. Q400 imayenera maulendo afupi, monga wochoka ku Lilongwe kupita ku Chileka, womwe sukwana ola limodzi, poti imamwa mafuta ochepa ndipo sivuta kudzaza. Boeing imayenera ulendo wa ku Johannesburg, kumene okwera ndi ambiri, katundu ndi wolemera, ndipo liwiro limafunika.

Chinsinsi chili apa: ndege yaikulu ikadzaza, mpando umodzi umatsika mtengo, koma ulendo wonse umadya ndalama zambiri kuposa wa yaing'ono. Mafuta, malipiro a oyendetsa ndi ndalama yoterera pabwalo ziyenera kulipidwa, kaya okwera ndi 30 kaya ndi 130. Choncho eni ndege amayamba apeza chiwerengero cha mipando yoti igulidwe kuti ndalama yolowa ifanane ndi yotuluka. Phindu limayambira pamwamba pa pamenepo.

Nkhani ya Airbus A380 ikutsimikiza zimenezi. Ndege ya nsanjikayi, yonyamula anthu pafupifupi 500, inayamba kunyamula okwera mu 2007 ndi Singapore Airlines. Emirates inagula zoposa 120 ndipo ikupindula nazo, chifukwa imasonkhanitsira ku Dubai anthu ochokera m'maiko ambiri n'kuwakweza pamodzi. Makampani ena zinawavuta kudzaza. Air France inasiya kuziyendetsa mu 2020, ndipo Airbus inapereka yomaliza mu 2021. Ndege inali yomweyo, kusiyana kunali pa msika.

Tsopano tiyerekeze ndi dengu lanu. Tinene kuti mukuoda tomato ku Lizulu kupita naye ku Lilongwe. Lole ikufuna K300,000 ndipo imanyamula madengu 60. Pikapu ikufuna K120,000 pa madengu 20. Lole ikadzaza, dengu limodzi layenda pa K5,000, pomwe pa pikapu ndi K6,000. Koma ngati mpamba wanu ukukwana madengu 20 okha, dengu lililonse pa lole lidya K15,000. Apo mwagwirira ntchito mwini galimoto. Mankhwala ake ndi a Emirates aja: sonkhanani atatu mudzaze lole, apo ayi tengani pikapu.

Eni ndege amayang'ananso nthawi. Ndege yoima pabwalo sibweretsa kanthu, pomwe ngongole yake ikuwerengedwabe. Chimodzimodzi mpamba. Ulendo wa ku Dar es Salaam wopindula K200,000 koma wogoneka ndalama mwezi wathunthu ukuchepa pouyerekeza ndi wapafupi wopindula K60,000 sabata iliyonse, chifukwa pa mwezi wapafupiwo wabweretsa K240,000.

Koma musafulumire kutaya njira yooneka yosapindula. Eni ndege amasunga maulendo ena afupi chifukwa ndi amene amabweretsa okwera a ulendo wautali. Mchere kapena machesi pa benchi yanu mwina phindu lake n'lochepa, komabe ndi zimene zimaimitsa kasitomala amene pomaliza agula mafuta ophikira ndi shuga.

Sabata ino tsegulani kope, msika ulionse ukhale ndi tsamba lake. Lembani ndalama yoodera, thiransipoti, chiphaso cha mumsika, chakudya, malo ogona, katundu woonongeka, ndi masiku amene ndalama yatenga kuti ibwerere. Pakutha pa mwezi, yerekezani zotsala m'thumba, osati zogulitsa. Msika umene mumaukonda chifukwa cha piringupiringu wa anthu mwina ndi umene ukudya phindu la misika inayo.