Mafuta a mu mphika ndi mafuta a m'magazi

Amene tinabwerera kwathu kucokera ku Ukwimi ndi malo ena a ku Zambia nkhondo itatha mu 1992, tikukumbukira mmene tinkayang'anirana masiku aja. Munthu akanenepa tinkati uyu wapeza bwino. Kenaka kunabwera Edzi, kuonda kukhala cinthu coopsa ndi cocititsa manyazi. Tsono si codabwitsa kuti kuno ku Nsadzo mimba yotuluka idakali ndi ulemu, makamaka ikatuluka fodya atagulitsidwa. Koma akafukufuku a boma la Mozambique a mu 2005 ndi a mu 2014 mpaka 2015 anaonetsa kuti anthu onenepa kwambiri akuculuka, makamaka amayi ndi okhala m'matauni. Inu atsogoleri a makalasi mudzafunsidwa za nkhaniyi, ndiye tiyeni tiione bwino.

Mafuta aliwonse amene tadya, kaya a m'botolo, a nkhumba kapena a nsinjiro, m'matumbo amaphwanyidwa kukhala tizidutswa timene madokotala amati maasidi a mafuta. Tina thupi limawotcha kuti tipeze mphamvu, totsala limasunga. Ganizirani nkhokwe. Tikadya, kapamba amatulutsa insulin, amene nchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu ndi kutseka khomo la nkhokwe ya mafuta. Tikakhala ndi njala kapena tikamalima, khomo limatseguka, mafuta amatuluka pang'onopang'ono. Zonsezi n'zabwino ndithu. Vuto limayamba nkhokwe ikadzaza mopitirira: imayamba kudontha usana ndi usiku, ndipo mafuta a mkati mwa mimba amadonthera m'mitsempha yopita ku ciwindi. Ciwindi ndi minofu zikakhuta mafuta sizimveranso insulin, shuga amangotsalira m'magazi. Apa ndi pamene matenda a shuga a akuluakulu amayambira nthawi zambiri.

M'kalasi simulephera kupezeka mayi wonena kuti, "Koma ine mafuta sindidya, botolo limodzi limatha mwezi." Akhoza kukhala akunena zoona. Mafuta a m'magazi sacokera mu mphika mokha ayi. Ciwindi cimadziwa kupanga cokha mafuta kucokera ku shuga ndi ufa wopitirira muyeso: tiyi wa masupuni anayi, zakumwa za m'mabotolo, mabanzi, nsima ya ufa woyera mitanda yambiri munthu atangokhala pa sitolo tsiku lonse. Mowa nawo umanenepetsa ciwindi. Mafuta amene ciwindi cimapanga cotere ndi a mtundu wouma uja, ndipo akaculuka m'magazi amayenda limodzi ndi matenda a shuga.

Pali mtundu wina umene thupi silingathe kupanga konse. Mu 1929 George Burr ndi mkazi wake Mildred, ku America, anadyetsa makoswe cakudya copanda mafuta. Makoswe anasiya kukula, khungu linayamba kusuwa. Ndi mmene zinadziwikira kuti mafuta ena ndi ofunika ngati mcere. Amenewa ali mu nsawawa, mpendadzuwa, soya ndi nthanga za maungu. Ofufuza ataphatikiza zoyeza za anthu a maiko ambiri anapeza kuti amene ali ndi mtundu umenewu woculuka m'magazi sadwala shuga kawirikawiri monga anzawo. Kapenta wa ku Cahora Bassa ali ndi mtundu winanso wothandiza mtima. Ife timaona kuti n'zomvetsa cisoni pamene banja ligulitsa nsawawa zonse kuti ligule botolo la mafuta, n'kumanyoza ndiwo zotendera ngati za amphawi. Nkhwani wotendera sunalakwe kanthu.

Kusiyanitsa mitunduyi si kovuta. M'mwezi wa June, kukazizira, yang'anani botolo m'mawa. Mafuta a mgwalangwa amagwirana n'kuyera ngati a nyama; pafupifupi theka lake ndi a mtundu wouma. A mpendadzuwa amakhalabe madzi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, mu 2023 linanenanso kuti mwa mphamvu zonse za cakudya ca munthu wamkulu, zocokera ku mafuta zisapitirire 30 pa 100, ndipo za mafuta ouma zisapitirire 10 pa 100. Kumbukiraninso kuti mafuta onse, ngakhale abwino, ali ndi mphamvu zoposa kawiri za ufa wolemera cimodzimodzi.

Cenjerani pophunzitsa, wina angakamane ana mafuta. Mwana wamng'ono amafunika nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta m'phala, ndipo vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Kuyambira mu 2016 lamulo la dziko lathu limati mafuta ophikira ogulitsa aziikidwa vitamini ameneyu.

Pa phunziro la masamu tengani cingwe. Wophunzira ayeze msinkhu wake kuyambira kumutu mpaka kuphazi, adule, apinde pakati, kenaka azungulize pamimba camumtunda pang'ono mwa mcombo. Cingwe cikakana kukumana, mimba yaposa theka la msinkhu, ndipo ndi bwino akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi ku cipatala. Amayi oyembekezera asayeze. Amayi ayezane paokha, abambo paokha, ndipo musalembe maina pa bolodi.