Laputopu ya banja lonse: aisamalira ndani?

M'nyumba zambiri za ife amene tikukhala kunja kuno muli laputopu imodzi yomwe imasenza zonse. Mwana amalemberapo homuweki, bambo amatumizirapo ndalama kumudzi, mayi amasungamo makalata a kuntchito ndi mapepala a chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo momwemonso muli zithunzi za ukwati ndi za agogo amene anatisiya. Koma mukafunsa kuti amaisamalira ndani, aliyense amaloza mnzake. Makolo amati ana ndiwo amadziwa za makompyuta. Ana nawo amadziwa kudina, kuonera mafilimu ndi kusewera magemu, koma kusamala ayi. Tsiku limene makinawo akana kuyaka m'pamene zimadziwika kuti analibe mwini.

Ntchito yake si yovuta, ndipo theka la ola pa mwezi n'lokwanira. Tikamba za Windows chifukwa ndi imene ambirife tili nayo. Windows ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kompyuta, ndipo mapulogalamu ena onse amatsamira pa iyo.

Tiyambe ndi ma update, omwe ambiri timawaona ngati chosokoneza. Pulogalamu yaikulu ngati Windows siilephera kukhala ndi ming'alu, ndipo akuba a pa intaneti amakhalira kufunafuna ming'aluyo. Kampani ya Microsoft imatulutsa zigamba zotsekera ming'alu imeneyi Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Vuto n'lakuti chigamba chikangotuluka, akuba aja amachiunika n'kudziwa pamene pali mng'alu, kenako amasaka makompyuta amene sanamatidwe. Amene mumagwira ntchito m'zipatala za ku Britain mwina mukukumbukira za pa 12 Meyi 2017, pamene vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a zipatala zambiri za NHS, odwala masauzande n'kubwezedwa osaonana ndi dokotala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chake chinali chitatuluka kale m'mwezi wa Marichi. Makompyuta amene anagwidwawo anali asanachilandire.

Choncho kamodzi pa mwezi tsegulani Settings, pitani pa Windows Update ndipo dinani Check for updates. Laputopu ikhale pa chaja, ndipo ikalemba kuti musaizimitse, musaizimitse ndithu. Amene muli kumene magetsi amathimathima, yambani ntchitoyi batire litadzaza. Kompyuta ya padesiki ilibe batire, ndiye isankhireni nthawi imene mukudziwa kuti magetsi akhalapo.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Pa Windows 10 ndi 11, mukadina Shut down nthawi zambiri kompyuta siizima kotheratu. Imasunga mbali ina ya zimene zinali m'kati kuti mawa idzayake msanga, ndipo ngati munali kavuto, imadzuka nako. Restart ndiye imayambitsa zonse mwatsopano. Ife ozolowera kungotseka chivundikiro n'kukagona, tizidina Restart kamodzi pa sabata. Kuchedwa kwina kumene timanamizira kukalamba kwa makina kumathera pomwepo.

Tsopano nkhani ya Windows 10. Microsoft inasiya kuipatsa zigamba zaulere za masiku onse pa 14 Okutobala 2025, ndipo inangotsegula ndondomeko yapadera yoti olembetsa azilandirabe zigamba za chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe bwinobwino, ndipo apa m'pamene pali msampha: palibe chimene chimaoneka kuti chasintha, koma mng'alu uliwonse watsopano umakhala wosatseka. Kuti mudziwe imene muli nayo, lembani winver pa malo ofufuzira. Ngati makina anu angathe kulandira Windows 11, kusamukako n'kwaulere, koma imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akale saloledwa. Ine kwanga, kompyuta yosalandira zigamba sindingalowerepo ku banki.

Nkhaniyi ikukhudzanso chizolowezi chathu chotumiza laputopu yakale kwa mphwathu wa ku koleji ku Zomba kapena ku Chipata. Mtima wake ndi wabwino, koma musaitumize mmene ilili. Koperani zanu zonse, kenako pitani pa Reset this PC n'kusankha Remove everything kuti mapasiwedi anu ndi zithunzi za pasipoti zisayende nayo. Malizaninso ma update onse ikadali pa Wi-Fi ya kunyumba kwanu, chifukwa kumudzi ntchito imeneyo idzadya bandulo ya mwanayo tsiku limodzi. Ndipo muuzeni zoona ngati ndi Windows 10.

Za kudzaza kwa malo sitichedwapo. Disiki ikatsala pang'ono kudzaza, kompyuta imayenda ngati yatopa ndipo ma update amakanika. Pa Settings, System, Storage mudzaona chimene chikudya malo, ndipo mukayatsa Storage Sense, Windows izichotsa yokha zinyalala zake. Foda ya Downloads yokha muyang'anemo ndi maso anu, popeza mumasakanikirana mavidiyo a ukwati a pa WhatsApp ndi makalata ofunika. Magemu amene ana anawasiya kalekale achotseni, mutawafunsa kaye kuti pasakhale maliro m'nyumba. Ngati kompyuta imachedwa poyaka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Startup, ndipo muzimitse mapulogalamu amene safunika kudzuka limodzi ndi makina. Za defrag zimene tinaphunzira kale zija musavutike nazo, Windows imadzichitira yokha. Mapulogalamu olonjeza kuti “ayeretsa” kompyuta kapena kuithamangitsa, atalikireni. Ambiri amangokuopsezani kuti mulipire. Microsoft Defender, imene imabwera kale ndi Windows, ndi yokwanira pa nyumba wamba bola ikhale yoyaka.

Chachikulu pa zonse ndi kusunga mafayilo pawiri. Laputopu ingabedwe m'basi, ingathiridwe tiyi, disiki ingafe popanda chenjezo. Makina mungagule ena, koma chithunzi chomaliza cha amayi anu kulibe sitolo yochigulitsa. Gulani hard drive yakunja, muzikoperamo mafoda ofunika mwezi uliwonse, kapena yatsani File History kuti izichita yokha mukailumikiza. Mukamaliza, izuleni n'kuisunga kwina. Vairasi yotseka mafayilo imagwiranso drive iliyonse imene yaipeza yolumikizidwa, ndipo wakuba wonyamula chikwama amanyamula zonse zili momwemo.

Ena amati zawo zili pa OneDrive kapena Google Drive, ndiye ali pabwino. Zimathandizadi, ndipo OneDrive imapereka 5 GB yaulere pamene Google imapereka 15 GB. Koma dziwani kuti foda yolumikizidwa ndi malo amenewa imatsanzira chilichonse chimene mwachita: mwana akafufuta fayilo pa laputopu, imafufutikanso kumeneko, ndipo m'bini yake imakhalamo pafupifupi masiku 30 okha. Mapepala a viza, masatifiketi ndi zikalata za kubadwa kwa ana zikhale malo onse awiri, pa intaneti ndi pa drive ya m'kabati. Nthawi zina muzitsegulako fayilo imodzi kapena ziwiri pa drive ija kuti muone ngati zikutsegukadi.

Malaputopu ambiri atsopano amakhoma disiki yawo ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Tsiku lina, makamaka akasintha kachipangizo kokonzetsa, ikhoza kukufunsani kiyi wa manambala 48. Kiyiyo kawirikawiri amakhala mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kuikonza laputopuyo itangogulidwa, ndipo m'mabanja mwathu munthuyo amakhala mwana, pogwiritsa ntchito imelo imene anaiiwala kale. Mufufuzeni lero kompyuta ikadali bwino, mumulembe papepala, muike pamodzi ndi mapasipoti.

Pomaliza, aliyense akhale ndi akaunti yakeyake pa kompyutapo. Ya kholo ikhale ya administrator, ya mwana wamng'ono ikhale standard, kuti asamaike pulogalamu iliyonse popanda pasiwedi ya wamkulu. Anawo nawonso ali ndi chowachenjeza makolo: pakatuluka uthenga wofiira pa sikirini wonena kuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi, imbani nambala iyi, kapena wina akaimba foni n'kunena kuti ndi wa ku Microsoft, amenewo ndi akuba. Microsoft siimbira anthu foni mwa njira imeneyo. Dulani foniyo, tsekani tsambalo, ndipo ngati likukana kutsekeka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc n'kutseka browser yonse.