Taimingi ya injini: musanagwire sipanala, funsani chaka cha galimoto

Kuno ku Laurel, pakati pa Washington ndi Baltimore, alipo abale athu amene amadyera pa pikapu: ena amasamutsa katundu, ena amatchetcha kapinga, ena ndi amisiri omanga. Kwa iwo galimoto ikafa, ndalama ya tsikulo yapitanso. Ndiye lero tikambe za taimingi.

Taimingi ndi chiyani? Mu injini ya petulo, pulagi imatulutsa moto woyatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya. Motowo uyenera kubwera pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Ukafulumira kwambiri, injini imagogoda, ndipo pisitoni ikhoza kuwonongeka. Ukachedwa, galimoto imafooka pokwera mtunda, imatentha, komanso imamwa mafuta ambiri.

Abambo athu ndi amalume athu ankatchera taimingi ndi khutu. Ankamasula bawuti ya distributor, n'kuipotoza pang'ono uku akumvetsera kulira kwa injini. Pa galimoto za carburetor zinkathekadi. Koma kompyuta italowa mu injini, nzeru ija inayamba kupereweza. Mapikapu a ku America tingawagawe m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la mapikapu amene ali ndi kompyuta komanso distributor, monga Chevrolet C/K ya 1988 mpaka 1995. Apa mukhoza kutchera ndithu, koma choyamba muichotse kompyuta pa nkhaniyo, apo ayi muzipotoza iyo ikubweza. Injini ikatentha, mumazula waya wofiirira wa mzere wakuda, n'kuunika ndi timing light. Pa injini ya 5.7 mumaika pa 0. Pa Ford F-150 ya nthawi yomweyo mumazula kapulagi kotchedwa SPOUT, ndipo nambala yake ndi madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Komabe musangokhulupirira ife. Werengani kapepala komatidwa kunsi kwa boneti.

Gulu lachiwiri ndi limene limasokoneza anthu. Chevrolet ya injini ya Vortec 5.7, kuyambira 1996, ili ndi distributor ndithu, koma mukaipotoza taimingi sisuntha. Kompyuta imawerenga kuchokera ku sensa ya pa crankshaft. Chimene mungapeze n'choti nyali ya Check Engine yayaka, ndipo sikana ikuonetsa P1345. Kuti mukonze pamafunika sikana yotha kuona cam retard, injini ikuzungulira pa 1,000, ndipo nambalayo isapitirire madigiri 2 uku kapena uko. Khutu silingamve zimenezo, amalume.

Gulu lachitatu ndi la mapikapu monga Silverado ya V8 ya 1999. Distributor mulibe, silinda iliyonse ili ndi koyilo yake. Palibe chopotoza. Kompyuta imasintha taimingi yokha, ndipo knock sensor ikamva kugogoda, imachedwetsa moto. Galimoto yotere ikafooka, onani masensa, mawaya, mapulagi ndi mafuta amene mwathira. A dizilo inu, injini yanu ilibe pulagi yoyatsa moto, taimingi yanu ndi ya nthawi imene dizilo amapopedwa mu silinda.

Nanga bwanji osangoisiya nyali ija iziyaka? Kuno ku Maryland kuli VEIP, yoyeza utsi wa galimoto pakatha zaka ziwiri zilizonse. Galimoto za 1996 kupita mtsogolo amaziyeza polumikiza makina ku kompyuta yake kudzera pa OBD-II, ndipo ya nyali yoyaka imalephera. Muchenjerenso ndi munthu wokuuzani kuti asintha pulogalamu ya kompyuta n'kuzimitsa zida zochepetsa utsi. Lamulo la Clean Air Act limaletsa zimenezo.

Nkhaniyi ikukhudzanso kwathu. Galimoto zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zimene zimafika ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuchokera ku Japan ndi za kompyuta. Ngati muli ndi m'bale makanika ndipo mukuganiza zomutumizira mphatso, sikana yabwino idzamuthandiza kuposa masipanala ena khumi.

Ophunzira Chichewa, tengani mawu awiri lero. Kutchera ndi kuika chinthu pamalo oyenera kuti chigwire ntchito, monga mmene timatcherera wailesi kapena msampha wa mbewa. Kugogoda ndi kumene mlendo amachita pachitseko. Mlendo akagogoda timati lowani, koma injini ikagogoda, imani kaye muone chavuta. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata yamawa.