Nkhwangwa ya Kuphiri ndi Ndowa ya Kudambo

Mu Okutobala chaka chatha ndinapita kukaona dimba la mlimi wina amene anaphunzira pa sukulu yathu ino. Ndinamupeza ali m'dzenje lakuya kufika m'khosi, akukapa madzi amatope ndi chipande. Repu ndi tomato zinali zitafota. Anandiuza kuti bambo ake ankatunga pamalo omwewo chaka chonse osakumba ngakhale pang'ono. Titamaliza kucheza anandilozera kuphiri kumene khwawalo limayambira, ndipo tinakwera limodzi. Tinapeza zitsa za milombwa ndi mbawa, utuchi wa ocheka matabwa, maenje atatu a makala, ndi mkwaso wa ngolo umene mvula inausandutsa chigwembe.

Anthu amene anadula mitengoyo sanabe. Analipira ndalama, ndipo amene anazilandira anagula nazo malata ndi feteleza. Nkhani imavutira pamenepa: mtengo umagulitsidwa ndi munthu mmodzi, koma madzi amene mtengowo unkasunga amamwa ndi mudzi wonse.

Phiri ndi nkhokwe ya madzi

Kuno kwa Zingalume, monganso m'boma lonse la Chadiza, mvula imagwa kuyambira Novembala kufika Marichi kapena Epulo, ndipo miyezi yotsalayo timamwa madzi amene nthaka inasunga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, pamatsika malita 10,000. Chaka chimene kwagwa mamilimita 900, hekitala imodzi imalandira malita 9 miliyoni, omwe ndi migolo 45,000 ya malita 200. Funso ndi lakuti madzi onsewo amapita kuti.

Pamene pali nkhalango ya miombo ndi mitondo, dontho la mvula limayamba kumenya tsamba, kenaka limagwera pa zinyalala zowolerana. Mizu yakufa, chiswe ndi nyongolotsi zimasiya timabowo timene madzi amalowera pansi. Madzi amenewo amayenda pang'onopang'ono pansi pa nthaka mpaka kukatulukira pa kasupe kapena m'dambo mu Seputembala ndi Okutobala. Pamene padulidwa ndi kuwotchedwa, dontho limamenya dothi lopanda chofunda, dothilo limatsekeka pamwamba, ndipo madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula chonde. Akale anati madzi saiwala khwawa, koma khwawa limene lalandira madzi a chaka chonse m'masabata ochepa limauma msanga.

Dothi lokokolokalo silisowa kokakhala. Anthu a pa boma la Chadiza amamwa madzi ochokera ku damu la Nsadzu, ndipo a ku Chipata amadalira madamu a Lutembwe. Onsewa amawagawira ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation. Matope akalowa m'damu lililonse amadya malo a madzi, ndipo madzi odetsedwa amafuna mankhwala ochuluka kuti ayere. Ngolo ya makala yotsika kuphiri imakafika mpaka pa mpopi wa munthu amene sanagwirepo nkhwangwa.

Phunziro la ku Dzalanyama

Abale athu a ku Malawi anaziona kale zimenezi. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa wotchuka m'mbiri ya Achewa, inatetezedwa ndi boma mu 1922 ndipo kukula kwake kumayandikira mahekitala 100,000. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'menemo, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde; loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Mzinda wa Lilongwe utakula, unayamba kuphikira makala ochokera m'nkhalango yomweyo imene imaupatsa madzi. Pofika mu 2015 zinthu zinaipa kotero kuti asilikali a dziko la Malawi anatumizidwa kukalondera mitengo, bungwe la madzi la Lilongwe Water Board likuthandiza pa ndalama zake. Bungwe logulitsa madzi linaona kuti mapaipi ndi mapampu alibe ntchito ngati phiri lametedwa.

Mapiri athu ndi aang'ono poyerekeza ndi Dzalanyama, ndipo sitiyembekeza kuti msilikali adzabwera kudzatilondera khwawa la mudzi. Mlonda wake ndi ife eni.

Zimene lamulo limalola

Ambiri amaganiza kuti nkhalango ndi ya boma, choncho aliyense atengepo chake anzake asanamutsogolere. Lamulo la nkhalango la Zambia la mu 2015 linatsegula njira ina, ndipo ndondomeko zake zinatuluka mu 2018. Anthu a m'dera akhoza kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo, kupeza chilolezo cha mfumu, kulemba malire, ndi kuchita pangano ndi dipatimenti ya nkhalango. Pangano likachitika, gululo limakhala ndi mphamvu yoika malamulo a kadulidwe ndi kupindula ndi zotuluka m'nkhalangomo. Wodula mitengo yogulitsa, wowotcha makala a malonda ndi wonyamula katunduyo pamsewu ayenera kukhala ndi chilolezo cha dipatimentiyo. Mlendo akafika ndi makina ochekera, nyakwawa ili ndi ufulu wonse wopempha kuona mapepala ake. Nkhani ya mukula, umene unadulidwa mosasamala m'madera ambiri a dziko lino mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa mitengo yoyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko, iyenera kutikumbutsa mmene mtengo wa ndalama umathera mwamsanga.

Kudula kosapha phiri

Sitiphunzitsa kuti mtengo usadulidwe konse. Timafuna zitseko, mabenchi a kusukulu, mabokosi a maliro, milimo ya zigafa za fodya ndi nkhuni. Chimene timaphunzitsa ndicho kugawa phiri m'zigawo zitatu.

Chigawo choyamba ndi pa kasupe, m'mphepete mwa mtsinje ndi pamalo otsetsereka kwambiri. Apa nkhwangwa isafike. Ophunzira athu timawalangiza kusiya mamita osachepera 30 mbali iliyonse ya mtsinje, pomwe mikuyu, katope, mbawa ndi nsungwi zigwire gombe. Bulugamu asabzalidwe pafupi ndi kasupe, chifukwa amamwa madzi ochuluka ngakhale m'chilimwe. Malo ake ndi kumtunda, kutali ndi dambo.

Chigawo chachiwiri ndi nkhalango yodulamo mosankha. Mitengo yoti idulidwe iyambe yapakidwa chizindikiro ndi komiti, ndipo yowongoka bwino ingapo isiyidwe kuti ibereke mbewu. Mlombwa umakula mochedwa kwambiri, kotero kuti wodula lero akukolola chimene chinamera agogo ake ali ana. Kudula kuchitike m'chilimwe pamene nthaka yauma. Zipika zisakokedwe molunjika kutsika phiri, chifukwa mkwaso wake ndiwo chiyambi cha chigwembe. Ndi bwino kuchekera pomwepo n'kunyamula matabwa. Nthambi zotsala ziyalidwe chopingasa motsetsereka kuti zitchinge dothi. Chitsa chidulidwe mmunsi ndiponso mopendekeka kuti madzi asakhazikikepo, pakuti miombo yambiri imaphukanso pachitsa ikatetezedwa ku mbuzi ndi moto. Mphukira zikachuluka, musiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Chigawo chachitatu ndi munda ndi pakhomo, pomwe payenera kuchokera nkhuni ndi milimo ya tsiku ndi tsiku. Gilirisidiya m'mizere ya chimanga, msangu m'munda ndi vetiva pa akalozera zimachepetsa maulendo a kuphiri.

Mdani woposa nkhwangwa ndi moto wa mu Okutobala, umene umapha mphukira zonse ndi kupsereza zinyalala mvula ili pafupi. Kutentha koyambirira mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, pamodzi ndi kulambula njira zotchingira moto, kumapulumutsa nkhalango kuposa kubzala mbande zikwi zambiri zimene palibe wozithirira. Oweta njuchi nawonso asiye ming'oma ya makungwa, chifukwa mng'oma uliwonse wotere ndi mtengo wakufa. Ya matabwa imakhalitsa zaka zambiri.

Mlimi uja tinatsika naye kuphiri dzuwa litapendeka. Sabata yotsatira anakatula nkhaniyi kwa a nyakwawa, ndipo mudzi unagwirizana kuti kumutu kwa khwawalo kusadulidwenso kanthu ndiponso kuti alambule njira ya moto mvula ikatha. Ndinamuchenjeza kuti madzi sabwerera chaka chimodzi, mwina ngakhale zisanu. Anayankha kuti mwana wake wamkulu ali mu giredi 4, ndipo dimbalo adzalifuna akadzakula.

Amene mukufuna thandizo poyeza malire a kasupe wa m'mudzi mwanu kapena poyamba nazale, fikani ku ofesi ya zaulimi pa sukulu pano mvula isanayambe.