Bafa Louma Ndilo Bafa Laukhondo

Mvula ikayamba mu Novembala, minda ya ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje imabiriwira. Koma walira mvula walira matope. Kuseri kwa nyumba zambiri, m'bafa momwe banja lonse limasambamo, miyala yopondapo imayamba kuterera ndi ndere, ndipo m'munsi mwa chipupa mumatuluka mawanga akuda onunkha chinyontho. Mawanga amenewo ndi nkhungu.

Amayi ambiri amasesa pabwalo ndi kusamala chimbudzi, koma bafa amaliiwala poganiza kuti malo othiridwa madzi ndi sopo tsiku ndi tsiku sangakhale auve. Maganizo amenewa ndi olakwika, pakuti madzi omwewo akapanda kuchoka ndiwo amalera nkhungu.

Kodi nkhungu imachokera kuti?

Nkhungu ndi chinthu chamoyo, mbale wake wa bowa ndi wa chuku chimene chimawononga mtedza ndi chimanga m'nkhokwe. Timbewu take tosaoneka ndi maso timauluka mumpweya nthawi zonse. Tikagwera pamalo onyowa tikhoza kuyamba kumera m'masiku awiri okha. Chakudya chake ndi litsiro lochoka m'thupi, thovu la sopo, thabwa lonyowa ndi udzu wowola wa mpanda. Bafa la njerwa lofolera ndi malata, lopanda zenera, limagwidwa msanga kusiyana ndi bafa la udzu losafolera, chifukwa dzuwa ndi mphepo sizilowamo.

Vutoli silisankha wosauka. M'mahotela ndi m'nyumba zina za m'mizinda muli mabafa okhala ndi timipopi totumphukitsa madzi. Madzi otsalira m'timipopimo amachita nkhungu, kotero eni ake amayenera kudzaza bafalo, kuthiramo mankhwala, kuyendetsa makina kwa mphindi 15, kenaka kukhuthula ndi kutsukuluza. Chiyambi cha vuto ndi chimodzimodzi: madzi okhalitsa.

Kuopsa kwake

Munthu akapuma timbewu ta nkhungu akhoza kuyetsemula, kutsokomola ndi kuyabwa m'maso. Amene amavutika kwambiri ndi odwala mphumu, ana aang'ono, okalamba ndi iwo amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika. Pansi ponyowa pamasunganso tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timayambitsa linyetsu pakati pa zala za kumapazi, ndipo chinkhupule kapena thaulo lobwerekana likhoza kufalitsa chipere kwa ana onse m'nyumba.

Ndere nazo si zochepa. Mayi woyembekezera kapena gogo akaterereka pamwala, ulendo wa kuchipatala cha Likuni kapena cha Mitundu umakhala wokakamiza. Chithaphwi cha kuseri kwa bafa ndicho mosweranamo udzudzu, umene m'nyengo yotentha umakula kuchokera ku dzira m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Kayeretsedwe kake

Ntchito imeneyi ichitike m'mawa wa tsiku ladzuwa, chitseko chili chotsekula. Poyamba pansi ndi chipupa zitsukuluzidwe ndi madzi ambiri. Kenaka zikwechedwe ndi burashi, sopo ndi mchenga kapena phulusa mpaka kuterera konse kutatha. Nkhungu youma isapalidwe chiumire, chifukwa fumbi lake limalowa m'chifuwa, iyambe yanyowetsedwa.

Pa simenti, pamwala ndi m'beseni, kapu imodzi ya Jik isakanizidwe ndi makapu 10 a madzi. Madziwo awazidwe pamawanga, akhalepo mphindi 10, kenaka atsukuluzidwe. Wogwira ntchitoyi avale mapepala apulasitiki m'manja, amange kansalu pamphuno, ndipo ana asayandikire.

Pali chenjezo limodzi lalikulu. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, pakuti pamatuluka mpweya wapoizoni woononga mapapo. Mkodzo wokhalitsa nawonso umatulutsa mpweya woipa ukakumana ndi Jik. Popeza anthu ena amataya madzi m'bafa momwemo, kutsukuluza koyamba kuja sikuyenera kudumphidwa.

Udzu, mphasa kapena thabwa limene lada ndi kufumbwa silitsukika, chifukwa nkhungu idalowa kale m'kati mwake. Zotere zichotsedwe, paikidwe zatsopano.

Kuti isabwerenso

Kukwecha kokha sikuthetsa nkhungu. Bafa likakhalabe lonyowa, mawanga amabwerera posachedwa. Apa ndipo pali ntchito ya abambo. Pansi pa bafa pakhale potsetsereka pang'ono kuti madzi azithamangira kungalande. Kumapeto kwa ngalandeyo kukumbidwe dzenje lakuya mita imodzi, lidzazidwe ndi miyala kapena zibenthu za njerwa, zazikulu pansi ndi zazing'ono pamwamba, kuti madzi azimwerera m'nthaka. Dzenjelo likhale kutali ndi chitsime. Bafa lofolera likhale ndi mpata pakati pa chipupa ndi denga, ndipo nthambi zotchinga dzuwa zisadzidwe.

Womaliza kusamba akankhire kunja madzi otsala ndi tsache, avundikire beseni, ndi kusiya chitseko chotsekula. Chinkhupule ndi thaulo ziyanikidwe padzuwa, osati kupachikidwa m'bafa.

Amene ali ndi chifuwa chosatha, linyetsu kapena chipere apite kuchipatala msanga. Ofuna kuona kakumbidwe ka dzenje la madzi afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo pa tsiku la sikelo.