KODI WOPITA KUKAPHUNZIRA CHINGEREZI KU YUNIVESITE AMAKAPHUNZIRA CHIYANI?

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Chintheche, amalume anandifunsa funso limene linandisowetsa chonena. Tinali pagombe masana, iwo akusoka chilimira chimene chinang'ambika usiku, ine ndikuwagwirira chingwe. M'kucheza kwathu ndinawauza kuti chimodzi mwa zinthu zimene ndimalakalaka, ndikadzakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndicho kukaphunzira Chingerezi ndi luso la zolembalemba ku yunivesite.

Amalume anasiya kusoka nandiyang'ana. "Mphwanga," anatero, "kodi Chingerezi sukuchidziwa kale? Zaka zonsezi takhala tikugulitsa usipa kuti tikulipirire fizi, ndiye ukathenso zaka zinayi ukuphunzira kulankhula? Bwanji osasankha udotolo kapena zamalamulo?"

Ndinangoseka, koma mumtima ndinachita manyazi chifukwa yankho ndinalibe. Nditabwerera kuno kusukulu ndinafunsa aphunzitsi athu a Chingerezi, amene anadutsamo m'maphunziro amenewa, ndipo ndinafufuzanso m'laibulale. Zimene ndinapeza ndati ndigawane nanu, anzanga, chifukwa ena mwa ife tidzapitirira ku seminale yaikulu, ena tidzalowera kwina, koma tonse tidzakhala anthu ogwira ntchito ndi mawu.

SI SUKULU YOPHUNZIRA KULANKHULA

Ife a ku Nkhata Bay timatchuka ndi kukonda Chingerezi, ndipo anzathu satileka kutiseka pa chimenechi. Kwathu munthu akatulutsa mawu aatali amene ena sakuwamva, anthu amati ameneyo ndiye wophunzira. Nanenso ndinkaganiza kuti ku yunivesite amakaloweza mawu otere.

Aphunzitsi anandiuza kuti si choncho ayi. Wopita kumeneko ayenera kukhala wodziwa kale chilankhulocho. Chimene amakaphunzira ndi kuwerenga mozama ndi kulemba zomveka. Kuwerenga mozama ndiko kusakhutira ndi funso lakuti "chinachitika n'chiyani?" koma kufunsanso kuti: Akusimba nkhaniyi ndani? Wabisa chiyani? Chifukwa chiyani mlembi wayambira apa osati apo? Nanga amene sakupatsidwa mpata wolankhula m'nkhaniyi ndani?

CHITSANZO CHIMODZI

Kuti zimveke, nditenge buku limene tinawerenga m'kalasi, The Pearl, lolembedwa ndi John Steinbeck wa ku America ndipo linatuluka m'chaka cha 1947. Limasimba za Kino, mmphawi wa m'mbali mwa nyanja ku Mexico. Mwana wake alumidwa ndi chinkhanira, dotolo akana kumuthandiza chifukwa alibe ndalama. Kenaka Kino apeza ngale yaikulu pansi pa nyanja, koma popita kukagulitsa, ogula onse amutchulira mtengo wonyozeka. Pamapeto mwana uja aphedwa, ndipo Kino aponyanso ngaleyo m'nyanja.

Pokonzekera mayeso ine ndinangoloweza kuti phunziro lake ndi lakuti dyera ndi loipa. Aphunzitsi anandifunsa kuti, "Dyera la yani? Kino ankafuna chiyani?" Nditabwereranso m'bukumo ndinaona kuti zina mwa zimene ankafuna ndi ukwati wa m'tchalitchi, zovala, mfuti, ndiponso kuti mwana wake apite kusukulu akadziwe kuwerenga. Ndinaonanso chinthu chimene ndinachidumpha poyamba: ogula ngale aja, ngakhale anali ndi maofesi osiyana, onse ankagwirira ntchito bwana mmodzi. Mpikisano wa mitengo unali wachiphamaso chabe.

Pamenepo ndinakumbukira gombe la kwathu m'mamawa. Asodzi afika atatopa usiku wonse, nsomba sizingadikire chifukwa dzuwa likakwera ziwonongeka, ndipo nthawi zina ogula amakhala atamvana kale mtengo wa ndowa. Buku la mzungu wa kutali linandionetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ndili mwana osachizindikira. Aphunzitsi anati, "Eya, chimene wachitachi ndicho amachita ku yunivesite. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ukachilemba pamasamba angapo, ndipo mfundo iliyonse ukaiperekera umboni wochokera m'bukumo."

ZIMENE ZIMAPHUNZIRIDWA

Maphunziro a digiri yoyamba kuno ku Malawi amatenga zaka zinayi. Mwachidule, zimene wophunzira amakumana nazo tingazigawe panayi.

Choyamba ndi mabuku a ku Ulaya ndi ku America, monga masewero a William Shakespeare ndi nkhani zazitali za Charles Dickens. Chachiwiri ndi mabuku a alembi a mu Africa olembedwa m'Chingerezi: Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, limene linatuluka mu 1958, mabuku a Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, masewero a Wole Soyinka, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1986, ndi alembi athu a kuno kwathu. Chachitatu, chimene chinandidabwitsa, ndi nthano, miyambi, zilapi ndi nyimbo za makolo. Nthano zimene agogo amatisimbira madzulo, ngakhalenso nyimbo za malipenga ndi chilimika, ndi zinthu zimene munthu angazifufuze nazilembera chimangirizo cha digiri. Chachinayi ndi kulemba kwenikweniko: ndakatulo, nkhani zazifupi, masewero ndi zimangirizo.

Pa kulembaku mpamene ambiri amagwa ulesi. Chimene walemba chimawerengedwa pamaso pa anzako, iwo nachitola zolakwa, iwe nukachilembanso kawiri kapena katatu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlembi wosafuna kudzudzulidwa sakula.

ZIMENE ZINACHITIKA KU CHANCELLOR COLLEGE

Kuti tione ngati maphunzirowa ali ndi phindu, tiyeni tione mbiri yathu. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964. Chancellor College inayambira ku Chichiri mu Blantyre ndipo inasamukira ku Zomba mu 1973. Kuyambira mu 2021, makoleji atapatukana, sukulu ya ku Zombayi ndiyo inatsala ndi dzina lakuti University of Malawi.

M'chaka cha 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena pakolejipo anayambitsa gulu lotchedwa Writers' Group. Ankakumana kawirikawiri, wina nawerenga chimene walemba, enawo nachikambirana mosanyengerera. Mwa amene anadutsa m'gululi muli Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Mu 1971 gululi linatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau.

Imeneyo inali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi masewero, ndipo munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Nanga alembiwa akananena bwanji zimene zinali kuwapweteka? Anabwerera ku nzeru za makolo, zolankhula mophiphiritsa. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chija amati chikamasamuka m'phiri chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, ndipo anatulutsa Napolo Poems mu 1987. Mapanje anatenga birimankhwe wosinthasintha maonekedwe, ndipo buku lake Of Chameleons and Gods linasindikizidwa mu 1981. Wowerenga mwachangu ankangoona nyama ndi mapiri. Wowerenga mozama ankamva za dziko lake.

Koma mtengo wake unali wowawa. Buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985. Mu Seputembala 1987, ali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College, anamangidwa nakatsekeredwa kundende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991, osamuuza mlandu wake kukhoti. Felix Mnthali, mphunzitsi winanso wa Chingerezi, anali atalawa kale ndende m'zaka za m'ma 1970. Chipasula anathawira ku Zambia ndipo anakamalizira digiri yake kumeneko mu 1976.

Ine ndikaganizira zimenezi ndimadzifunsa: ngati ndakatulo ndi masewera chabe, boma lokhala ndi apolisi ndi asilikali linkaziopa chifukwa chiyani?

NANGA NTCHITO?

Apa tisanamizane, chifukwa funso la amalume linali la nsima. M'dziko muno ndi anthu ochepa kwambiri amene angadye ndi kulemba mabuku kokha. Ogula mabuku ndi ochepa, ndipo osindikiza amakonda mabuku a sukulu chifukwa ndiwo amayenda malonda. Alembi onse ndatchulawa anali ndi ntchito ina, ambiri a iwo yauphunzitsi.

Komabe ntchito zofuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba bwino zilipo: uphunzitsi wa kusekondale ndi kukoleji, utolankhani wa m'nyuzipepala ndi pawailesi, kukonza zolemba zisanasindikizidwe, kumasulira, ndi kulemba malipoti m'maofesi a boma ndi m'mabungwe. David Rubadiri, amene anaphunzira Chingerezi ku Makerere ndi ku Cambridge, anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations mu 1964, ndipo mu 2000 anadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi. Anamwalira ku Mzuzu mu 2018. Ken Lipenga anakhala mkonzi wa nyuzipepala, pambuyo pake nduna ya boma. Sindikunena kuti aliyense adzafika pamenepo. Pali enanso amene ali ndi digiri koma akusakabe ntchito. Wosankha njira imeneyi aisankhe maso ali otsegula.

NJIRA YOLOWERA

Kuti munthu aganiziridwe m'mayunivesite a boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Malo ndi ochepa, choncho mapointi abwino ndi ofunika. Kupatula Zomba, Chingerezi chimaphunzitsidwanso ku Mzuzu University, imene inatsegulidwa mu 1999 ndipo ili pafupi ndi ife a kumpoto. Kwa osowa fizi, pali bungwe la boma lobwereketsa ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede.

Koma kukonzekera kwenikweni kumayamba lero. Aphunzitsi anandipatsa malangizo atatu. Werenga mabuku oposa amene ali pamayeso. Sunga kope lolembamo tsiku lililonse, ngakhale mizere isanu. Ndipo chimene walemba mupatse mnzako woti sangakuope kukuuza kuti apa sizikumveka. Magazini athu ano ndi malo abwino oyambira.

YANKHO LANGA KWA AMALUME

Pofufuza ndinapezanso chinthu chimene chinandikhudza. Buku lotchuka lonena za moyo wa ife Atonga a m'mbali mwa nyanja, The Politics of Kinship, linalembedwa ndi mzungu, J. van Velsen, ndipo linatuluka mu 1964. Mwana wa kwathu amene analemba mbiri yake yekha ndi Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Buku lake My Life and the ICU linatuluka mu 1970, iye atamwalira kale mu 1951. Akanapanda kulemba, bwenzi lero tikumumva kudzera m'kamwa mwa ena okha.

Nanga za asodzi a chilimira alembe ndani? Za mwera umene umagubuduza mabwato, za amayi oviika chinangwa cha kondowole, za abambo athu amene anapita ku Joni ndi ku Harare osabweranso? Ngugi, amene anayamba kulemba m'Chingerezi, pambuyo pake anabwerera kukalemba m'chilankhulo cha kwawo cha Gikuyu. Zikutanthauza kuti luso limene munthu waphunzira powerenga Chingerezi angathe kulitengera ku Chitonga, ku Chitumbuka kapena ku Chichewa.

Tchuthi chikubwerachi ndikawauza amalume chonchi: "Amalume, inu usiku mumayang'ana madzi ndi mphepo n'kudziwa pamene pali usipa, pomwe ine ndimangoona mdima. Zimenezo munachita kuphunzira zaka zambiri, ngakhale nyanja munabadwa mukuiona. Inenso Chingerezi ndikuchiona, koma sindinadziwe kuwerenga za pansi pake." Ndikatenganso buku lija la Kino n'kukawasimbira m'Chitonga, makamaka pamene pali ogula ngale. Kaya akavomera kaya akakana, ndidzakuuzani m'kope lotsatira.

Wophunzira wa Fomu 3, wochokera ku Chintheche